Chinsinsi Chimajambulidwa Bwanji? Zibwenzi Zamseri M'mabuku Akale a ku France

Mu laibulale ya Morgan ku New York muli buku lachikopa, lolembedwa pamanja kumpoto kwa France cha m'ma 1310, lomwe nambala yake ndi M.805. Pa tsamba 67 pali chithunzi cha anthu atatu atakhala pamodzi. Wapakati wangokhala phee, pomwe awiri a m'mbaliwo aweramirana n'kupsompsonana pamaso pake penipeni. Mkaziyo ndi Guenièvre, mkazi wa Arthur, mfumu ya m'nthano za ku Britain. Mwamunayo si Arthur ayi, ndi Lancelot, msilikali wapakavalo amene mfumuyo inkamudalira kuposa wina aliyense. Chapotero, pafupi ndi mitengo, anthu ena akucheza ngati palibe chikuchitika.

Chithunzichi chikuthana ndi vuto lomwe ambirife sitiliganizira. Wolemba nkhani zake n'zosavuta: akangolemba kuti panalibe wowaona, owerenga tavomera. Wojambula alibe mwayi wotere. Akajambula mwamuna ndi mkazi atakumbatirana, utoto sunena ngati awa ndi apabanja kapena akuba. Komanso chilichonse chojambulidwa chili kale poyera, pakuti ntchito ya chithunzi ndi kuonetsa. Nanga chinthu chomwe chimafa chikangooneka, ungachionetse bwanji? Amisiri a ku France a zaka za m'ma 1200 mpaka m'ma 1400 anapeza njira, ndipo njirayo sinagone pa okondanawo. Inagona pa munthu wachitatu: wothandizira, wosuzumira, kapena woyang'ana kumbali mwadala.

Tiyambe taona chifukwa chimene chikondi cha m'nkhanizi chinkayenera kubisika. Kwa mafumu ndi eni malo akuluakulu, ukwati unali pangano la mabanja pa nkhani ya minda, chuma ndi mpando. Mtsikana ankasankhiridwa mwamuna, nthawi zina asanamuonepo n'komwe. M'zaka za m'ma 1100, alakatuli a kumwera kwa France anayamba kuimba za chikondi cha mtundu wina, chomwe ankachitcha fin'amor, mmene msilikali amadzichepetsa ngati wantchito pamaso pa mayi wolemekezeka, kawirikawiri mkazi wa mwini. Dzina loti amour courtois, lomwe mabuku a masiku ano amakonda, linatchuka mochedwa kwambiri, katswiri wa mabuku akale Gaston Paris atalilemba mu 1883. Wansembe wina, Andreas Capellanus, analemba m'Chilatini malamulo 31 a chikondi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo limodzi limati chikondi chikawanda sichikhalitsa. Ngati mkuluyu ankanena mochokera pansi pa mtima kapena ankangowaseka olemerawo, akatswiri amakanganabe, chifukwa gawo lomaliza la buku lomwelo limanyoza zonse zimene anaphunzitsa poyamba. Koma m'ndakatulo zonsezi mumakhala mdani mmodzi wosasowa: losengier, wamiseche wa kunyumba yachifumu amene makutu ake amakhala pakhomo la ena.

Tibwerere kwa atatu aja. Wapakatiyo ndi Galehaut, mfumu yamphamvu imene inatsala pang'ono kugonjetsa Arthur koma inaleka nkhondo chifukwa chokonda Lancelot. Ndiye anakonza zoti Lancelot ndi mfumukazi akumane kudambo chakumadzulo. Nkhaniyi ili m'buku lalitali la Lancelot lolembedwa pakati pa 1215 ndi 1235, ndipo imanena kuti atatuwo anasendererana ngati akukambirana nkhani yofunika, kuti anthu ena aja asakayike. Lancelot, ngwazi ya pankhondo, anali kunjenjemera osatha kuchita kanthu. Mfumukazi ndiyo inamugwira chibwano n'kumupsompsona. Apa mpamene luso la wojambula likuonekera. Thupi la Galehaut likugwira ntchito ziwiri: ndi mpanda wotchinga maso a anthu ena, komanso ndi mlatho wolumikiza awiriwa. Mutati mumufufute pachithunzipo, patsala mwamuna ndi mkazi wamba. Mutafufuta kagulu kocheza kaja, Galehaut alibenso wowabisira. Chinsinsi chili mu mpata umene uli pakati pa magulu awiriwo.

Ndipo ngakhale kaguluko sikosalakwa monga kakuonekera. M'menemo muli mayi wa ku Malehaut, amene anasungapo Lancelot m'ndende mwake ndipo ankamufuna. Iyeyu anaona zonse. Nkhaniyo imati pamene mfumukazi inkafunsa Lancelot za chikondi chake, mayiyu anatsokomola mwadala kuti Lancelot adziwe kuti alipo wakumva. Chifuwa sichijambulika, n'chifukwa chake wojambula angangomukhazika pamenepo n'kusiyira wowerenga wodziwa nkhani kuti aloze yekha amene akunamizira kucheza. Dante wa ku Italy ankaidziwa bwino nkhaniyi. Anatchula za kutsokomolako m'ndakatulo yake, ndipo pena anasimba za Paolo ndi Francesca, munthu ndi mlamu wake, amene anagwa m'chigololo akuwerenga limodzi za kupsompsonana komweku. Francesca akuti buku lija ndilo linali Galehaut wawo. Anthu a nthawiyo, tingatero, ankadziwa kuti tsamba lotere si lozizira.

Ankadziwanso mtengo wake pa moyo weniweni. Mu 1314, zaka zomwezo buku la Morgan linkapangidwa, mfumu Philippe IV ya ku France inamanga azipongozi ake. Marguerite, mkazi wa mwana wake Louis, ndi Blanche, mkazi wa Charles, anaimbidwa mlandu woyenda ndi abale awiri, Philippe ndi Gautier d'Aunay. Wachitatu, Jeanne, mlandu wake unali wodziwa koma osanena, ndiye kuti kukhala Galehaut. Anyamatawo anaphedwa mwankhanza pagulu ku Pontoise mu April chaka chomwecho, ndipo Marguerite anafera m'ndende ya Château-Gaillard mu 1315. Chigololo cha mfumukazi sichinali nkhani ya m'nyumba chabe, chifukwa chinkadzutsa funso loti mwana wolowa ufumu ndi wa yani, ndipo mwana wamkazi wa Marguerite anakula ndi chikayiko chimenecho pamutu pake. Choncho anthu omwewo amene ankalipira ndalama zambiri kuti awajambulire Guenièvre ndi golide ankatha kukaonerera mapeto a nkhani yofanana nayo pabwalo.

Mmene mabukuwa ankapangidwira zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake zizindikiro zake zimabwerezedwabwerezedwa. Pofika m'ma 1200 ntchitoyi inali itachoka kwambiri m'nyumba za amonke n'kukhala malonda a m'tauni. Ku Paris ogulitsa mabuku ndi ojambula ambiri ankapezeka mumsewu wa Neuve Notre-Dame, moyang'anizana ndi tchalitchi chachikulu. Wogulitsa mabuku ankalandira oda, n'kugawa zikopa za ana a ng'ombe kapena za nkhosa kwa alembi. Mlembi ankasiya mipata, ndipo pamwamba pa mpata uliwonse pankalembedwa mzere wofiira wonena zimene zikuchitika. Kenako pankabwera wojambula. Ankayamba ndi golide wosulidwa mopyapyala, n'kumupukuta ndi dzino kapena mwala wosalala mpaka awale, kenako utoto wosakaniza ndi madzi oyera a dzira kapena utomoni. Utoto wabuluu wodula kwambiri unkachokera ku mwala wokumbidwa ku Badakhshan, m'dziko la Afghanistan la lero. Nthawi zambiri mmisiriyu sankawerenga nkhani yonse. Ankatsata mzere wofiira uja, kapena kamawu kolembedwa m'mphepete, kapena chithunzi cha m'buku lina. Buku la magawo atatu la nkhani za Arthur lomwe lili ku British Library, la chaka cha 1316, lili ndi zithunzi zoposa 700. Munthu wa ntchito yochuluka chotere sangayambe kuganiza mwatsopano pa tsamba lililonse. Amafuna zizindikiro zoti aliyense azimva msanga.

Zizindikirozo zinalipo. Kugwira chibwano kunkatanthauza chikondi cha thupi. Kugwira munthu pamkono, pamwamba pa chikhatho, kunkasonyeza mphamvu kapena kukakamiza, mosiyana ndi kugwirana manja akumanja pamaso pa wansembe, komwe ndi ukwati. Munda wozingidwa ndi mpanda unali malo okumaniranapo. Nyumba inkajambulidwa itachotsedwa khoma lakutsogolo, kotero kuti wa panja pachithunzipo sakuona za m'kati koma ife tikuona. Mfumukazi imatha kujambulidwa ili pabedi chisoti chili kumutu, osati chifukwa inkagona nacho, koma kuti musaisokoneze ndi mkazi wina. Kwa ine ichi ndi chinthu choseketsa ndi choopsa nthawi imodzi: chizindikiro chongothandiza wowerenga kuzindikira munthu chimasanduka umboni wa mlandu.

Mwa zithunzi zonse za munthu wachitatu, chanzeru kwambiri ndi cha Tristan ndi Iseut pansi pa mtengo. Iseut ndi mkazi wa mfumu Marc ya ku Cornwall, ndipo Tristan ndi mwana wa mlongo wake wa mfumuyo. Ndiye kuti mnyamatayu akuyenda ndi mkazi wa amalume ake enieni, amene anamutuma kukatenga mkwatibwiyo ku Ireland. Marc atatsinidwa khutu anakwera mumtengo wa pafupi ndi kasupe pomwe awiriwa ankakumana usiku. Koma okondanawo anaona chithunzithunzi chake m'madzi, ndipo osayang'ana n'komwe m'mwamba anasintha nkhani. M'ndakatulo ya mlakatuli wina dzina lake Béroul, Iseut akulumbira kuti sanakondepo mwamuna wina kupatula amene anamupeza ali namwali. Marc mumtengomo mtima unakhala pansi poganiza kuti akunena iye, chonsecho akunena Tristan.

Taonani mmene amisiri anaikira zonsezi m'kamalo kochepa ngati chikhatho. Pakati pali mtengo, m'masamba mwake mukusuzumira mutu wovala chisoti. Pansi pali kasupe, ndipo m'madzimo muli mutu womwewo. Kumanzere ndi kumanja kuli okondanawo, osakhudzana. Palibe kupsompsonana, palibe bedi, komabe aliyense woona akudziwa kuti ichi n'chibwenzi. Mfumu ikuganiza kuti ikuona popanda kuonedwa. Okondana akuona kuti akuonedwa. Ife tikuona onse atatu, ndipo ndife tokha odziwa kuti kazitape ndiye wapusitsidwa. Chithunzichi chinatchuka kwambiri pa timabokosi ndi pa zivundikiro za akalilole zosemedwa ku Paris m'zaka za m'ma 1300, pa minyanga ya njovu imene yambiri inkachokera ku Africa. Ganizirani mayi akudziyang'ana pa kalilole amene kuseri kwake kuli nkhope ya mwamuna wansanje ikuonekera m'madzi.

Chodabwitsa n'chakuti chithunzi chomwechi chinalowanso m'buku la ziphunzitso zachikhristu. Buku lotchedwa Ci nous dit, lomwe kope lake lojambulidwa la cha m'ma 1340 lili ku Chantilly, lili ndi mtengo, kasupe ndi mutu wa mfumu, koma phunziro lake n'lakuti monga mfumukazi ndi Tristan anadziletsa ataona mfumu, ifenso tizileka zoipa podziwa kuti Mulungu akutiona. Wolembayo anachita ngati waiwala kuti awiriwa sanalape, anangonama mwaluso, ndipo Marc amene wayerekezedwa ndi Mulungu ndiye anabwerera kunyumba atadyetsedwa bodza. Chithunzi sichinasinthe. Chinasintha ndi mawu a pambali pake, ndipo izi zikusonyeza kuti amisiriwa ankapereka mafupa okha, mnofu ankaika ndi wowerenga.

Pena munthu wachitatu sakhala munthu. M'ndakatulo yaifupi ya m'zaka za m'ma 1200 yonena za mayi wa ku Vergi, mayiyo anavomera msilikali wina pa pangano limodzi: tsiku limene adzaulule, chibwenzi chatha. Mthenga wawo anali kagalu. Mayiyo akakhala yekha ankakatulutsa kuti kapite kumunda wa zipatso, ndipo msilikali akakaona ankadziwa kuti njira ndi yoyera. Mkazi wa mkulu wolamulira Bourgogne anamufuna msilikaliyo, atakanidwa anamunamizira kwa mwamuna wake, ndipo kuti adzipulumutse msilikaliyo anaulula, mpaka anatenga bwana wakeyo kuti akabisale m'mundamo adzionere yekha. Bwanayo anauza mkazi wake kuchipinda. Pa chikondwerero cha Pentekoste mkaziyo anangoponya mawu amodzi onena za luso lophunzitsa tiagalu, ndipo mayi wa ku Vergi anakafa ndi chisoni m'chipinda. Msilikali anadzibaya, bwana anapha mkazi wake. Kwa mmisiri, kagaluko kanali mphatso. Kagalu pafupi ndi mayi wolemera ndi chinthu wamba, choncho wosadziwa nkhani amangoona chiweto, pomwe wodziwa amaona pangano lonse. Chithunzicho chimasunga chinsinsi kwa ena n'kuulula kwa ena, ndendende mmene kagaluko kankachitira m'nkhanimo.

Za pabedi pokha sizitenga nthawi kufotokoza, chifukwa amisiri ambiri sankaonetsa zambiri: mitu iwiri pa pilo, chofunda chokhala ndi mapindo, nsalu yotchinga itakokedwera pambali. Buku la ku British Library lija lili ndi Lancelot ndi mfumukazi atagona motero. Zolaula zenizeni, zikapezeka, zimakonda kukhala m'mphepete mwa tsamba, monga m'kope lina la ndakatulo ya chikondi yotchedwa Roman de la Rose lochokera kwa Richard ndi Jeanne de Montbaston, banja la ojambula la mumsewu wa Neuve Notre-Dame uja. Jeanne analumbira yekha ngati wogulitsa mabuku mu 1353 mwamuna wake atamwalira, choncho tisamaganize kuti maso onse amene anakonza zithunzizi anali a amuna. Ndakatulo ya Rose imeneyi, yomwe makope ake oposa 300 alipobe, inasandutsa wamiseche kukhala munthu wodziwika ndi dzina, Malebouche, kutanthauza pakamwa poipa, ndipo mapeto ake ndi kupotoledwa khosi n'kudulidwa lilime.

Nkhani ya chibwenzi chobisa imene inajambulidwa kwambiri sinali ya Lancelot, inali ya Davide ndi Bateseba, ya pa 2 Samueli 11, ndipo inkapezeka m'mabuku a mapemphero. M'buku la masalmo la mfumu Louis IX, la cha m'ma 1270, Salmo 1 limayamba ndi chilembo chachikulu B, cha mawu Achilatini otanthauza "wodala". M'mimba yapamwamba ya chilembocho Davide ali pazenera kuyang'ana Bateseba akusamba, ndipo m'mimba yapansi wagwada pamaso pa Mulungu. Tchimo ndi kulapa zili m'chilembo chimodzi. Apa wosuzumira ndi wochimwa ndi munthu mmodzi. Patapita zaka zoposa 200, Jean Bourdichon anajambulira mfumu Louis XII nkhani yomweyi cha mu 1498, ndipo zinthu zinatembenuka. Bateseba wadzaza tsamba, ali m'madzi kutsogolo kwenikweni, pomwe Davide ndi kamunthu kakang'ono pazenera lakutali. Amene ali pafupi ndi mayiyo, amene akuona bwino kuposa Davide, ndi mwini buku amene walitsegula kuti apemphere masalmo a kulapa. Ena amati cholinga chinali kumuyesa wopempherayo kuti alape moona. Ine ndimakayika ngati mfumuyo inkafulumira kutembenuza tsambalo.

Olemba nkhani ya Lancelot ankazindikira okha kuti chithunzi ndi mboni yosasunga pakamwa, ndipo anachiika m'nkhani momwemo. Morgain, mlongo wake wa Arthur, anagwira Lancelot n'kumutsekera m'nyumba mwake. Tsiku lina Lancelot anaona pazenera munthu akujambula pakhoma nkhani ya Aeneas akuthawa ku Troy. Anapempha utoto wotsala, n'kuyamba kujambula mbiri yake m'makoma a chipinda chomwe anatsekeredwamo: kufika kwake kwa Arthur, nkhondo zake, Galehaut, mfumukazi, zonse, ndi mawu ofotokoza. M'mawa uliwonse ankapsompsona nkhope ya mfumukazi pakhomapo. Anakhalamo nyengo ziwiri zachisanu, mpaka tsiku lina ataona duwa m'munda limene linamukumbutsa Guenièvre anathyola zitsulo za pazenera n'kuthawa. Zithunzi anazisiya. Morgain sanazifufute, podziwa kuti mlandu suola.

Patapita zaka, m'gawo lomaliza la nkhaniyi, Arthur anasochera m'nkhalango n'kufika kwa mlongo wakeyo, amene anamugoneka m'chipinda chomwecho. Agravain, mwana wa mlongo wake wina, anali atamuuza kale za chibwenzichi, iye osakhulupirira. Koma kutacha, dzuwa litalowa m'chipindamo, mfumu inayamba kuyang'ana makoma ndi kuwerenga mawuwo. Inazindikira nkhondo zimene inaziona ndi maso, ndipo poti izo zinali zoona, inalibe pothawira itafika pa zinazo. Zimene pakamwa pa wamiseche panalephera, dzanja la Lancelot mwini linakwanitsa. Kuchokera pamenepo nkhani imangotsetsereka: okondana apezereredwa, mfumukazi iweruzidwa kuti itenthedwe, Lancelot aipulumutsa n'kupha abale ake a Gauvain, msilikali wotchuka wa Arthur, ndipo ufumu utha ndi nkhondo.

M'zaka za m'ma 1470, amisiri ogwirira ntchito Jacques d'Armagnac, wolamulira Nemours, munthu wokonda mabuku amene mfumu Louis XI inalamula kuti adulidwe mutu ku Paris mu 1477, anajambula chipinda chimenechi m'makope amene lero ali mu laibulale yaikulu ya dziko la France, Bibliothèque nationale de France. Anayenera kujambula zithunzi m'kati mwa chithunzi: Arthur ataima, makoma atadzaza tizithunzi ta Lancelot, tofanana ndi tomwe wowerenga wakhala akusangalala nato m'masamba mazana apitawo. Wowerenga uja amene anakhala chete pamodzi ndi Galehaut kudambo tsopano waima pambali pa mwini mkazi, akuyang'ana zomwezo. Nkhaniyo imati masiku onse amene Arthur anakhala kwa Morgain, sanalole munthu wina kulowa m'chipindamo kupatula mlongo wakeyo, kuopa kuti manyazi ake angaonekere. Mfumu inatseka chitseko, koma wojambula, monga mwa chizolowezi cha ntchito yake, anali atachotsa kale khoma lakutsogolo.